Maso a Mwini Mbumba

Pa mirandu yonse ya m'banja, wolemera kopambana ndi wa ana a mwamuna amene anali kumenya mkazi wace. Ukwati umatha, koma atate sasiya kukhala atate. Nanga munthu wotere aziona bwanji ana ace popanda kubwezera mantha m'nyumba imene anacokamo?

Makolo athu Acewa anali nayo njira yao. Mkamwini anali kukhala kumudzi kwa mkazi, ndipo nkhanza zace zikawalaka ankhoswe anali kumpitikitsa, ana natsala ku mbumba. Pobwera kudzaona anawo anali kufikira kwa mwini mbumba, mlongo wace wa mkazi, nakhala pabwalo poyera. Pamaso pa alamu ace dzanja lace silinali kunyamuka.

M'makomboni a Lusaka ndi Kitwe maso otere ngosowa, cifukwa mkazi amakhala kutali ndi abale ace. Mpata umenewu boma layesa kuutseka. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2011 limalola bwalo kuletsa mwamuna wankhanza kuyandikira mkazi. Mu 2016 ku Kabwe ndi ku Lusaka anatsegula mabwalo oweruza mirandu yotere msanga. Ndipo lamulo la ana la 2022 limaika ubwino wa mwana patsogolo pa zofuna za akuru. Potero woweruza angathe kunena kuti atate aziona ana pa tsiku loikika, pamaso pa mboni.

Nchito ya umboni imeneyi ndinaigwira ine caka cathunthu cifukwa ca ana awiri a mlongo wanga, ndipo inandiphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, nthawi yoopsa ndi yoperekeza ana ndi yowatenga. Cifukwa cace anawo ndinali kupita nao ndekha, kuti makolo asakomane. Caciwiri, mwana si mthenga. Mlamu wanga atafunsa wamng'onoyo kuti, "Kodi amai ako akhala kuti tsopano?" ndinati, "Alamu, funso limenelo nla ku bwalo; mufunseni za kusukulu." Cacitatu, mboni siweruza. Sindinamnyoze pamaso pa ana ace, ndipo tsiku limene anawasokera mpira wa nsanza ndinakondwa nao pamodzi.

Ena amati kumlonda munthu poceza ndi ana ace nkumcititsa manyazi. Manyazi alipodi, koma sangalingane ndi mantha a mwana amene anaona amace akukhetsa mwazi. Macezawo anaikidwira mwana, kuti adziwe atate wace ali wosatekeseka mtima.

Inu amene mwatsiriza sukulu, mawa mudzakhala atsibweni ndi ankhoswe. Akuru anati mwana sakulira nakubala. Akakupemphani kukhala mboni musakane: khalani pafupi, lankhulani pang'ono, koma maso akhale ali penye.