Za Mkuru Amene Anali Kuima pa Gulaye

Inu amene muwerenga kalata iyi m'midzi ya ku Balaka ndi ku Machinga, mwezi uno tifuna kukusimbirani nkhani ya njinga zamoto. Tidziwa kuti ena a inu mudzati, Ha! aphunzitsi aja asokonezeka mutu kodi, kuti asiye za mabanja nayambe za mithuthuthu? Lezani mtima. Nkhaniyi iri ndi mlandu m'kati mwache, ndipo wopalamula mlanduwo ndife amene tirikulemba.

Pamene tinali anyamata, Balaka asanapatulidwe ku Machinga m'chaka cha 1998 kuti akhale boma pa yekha, munthu wotsika sitima ndi katundu wache anali kufunafuna wa kabaza wa njinga yopalasa, namkweza iye pambuyo, nayenda naye pang'onopang'ono alikucheza. Tsopano njinga zamoto zadzala ponseponse, kuyambira pa Chingeni kufikira ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Ntaja ndi ku Nayuchi komwe. Zithandiza ndithu, pakuti amai ambiri apakati afika ku chipatala pa nthawi yache chifukwa cha izo. Koma zapundulanso anthu, ndipo palibe mudzi umene sudziwa chimenechi.

Pa malo athu a malonda, pambali pa mseu wochokera ku Balaka kunka ku Liwonde, anyamata a njinga zamoto ali ndi bungwe lao. Alipo makumi atatu, ena Akristu, ena Asilamu. Ayao, Angoni ndi Alomwe pamodzi. Loweruka liri lonse yense aponya kangachepe m'thumba la bungwe, ndipo ndalama zimenezo zithangata mnzao amene njinga yache yafa, kapena wagona m'chipatala, kapena waferedwa. Popeza anyamata sakhulupirirana pa ndalama (ndipo tiwadzudzule bwanji, pamene akuruakuru omwe sakhulupirirana?), anadza kwa ife natipempha kuti tisunge buku lao. Tinabvomera. Kuyendetsa njinga yamoto sitidziwa, ndipo tikakwezedwa pambuyo titsinzina. Koma kulemba ndi kuwerengera tidziwa, pakuti anatiphunzitsa zimenezo ku seminale.

M'chaka cha 2021 mkuru wa bungwe anaona kuti ena a iwo ayamba kupikisana liwiro pa tala usiku, alikubetcherana ndalama. Iye anati, Mwazi wa mnyamata ufuna liwiro, ndipo kuuletsa ndi pakamwa sikutheka. Kuli bwino tipikisane masana, kutali ndi magalimoto, anthu alikupenya, ndi malamulo. Anapita kwa amfumu napempha dambo louma la kuseri kwa msika, ndipo amfumu analola. Anasankha Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, anthu atatha kukolola, pakuti Lachisanu ndi la Asilamu ndipo Lamulungu ndi lathu. Malamulo anali owerengeka: wopanda chipewa cholimba asakwere; wonunkha mowa asakwere; njinga yopanda mabuleki abwino isalowe. Mipikisano inali iwiri. Woyamba unali wa liwiro, kuzungulira dambo kakhumi. Wachiwiri, umene ife tiukonda koposa, unali wa kuchedwa: apambana ndi iye wofika potsiriza, osaponda pansi ndi phazi. Apo mpamene aoneka wodziwa njinga ndithu, ndipo amai aseka kufikira kugwira m'nthiti.

Tsono mverani za anthu amene anakonza tsikulo. Masabata awiri mpikisano usanachitike, amai asanu ndi mmodzi ndi ana ao analowa m'dambo ndi makasu, nazula zitsa, nakwirira maenje a mbewa ndi mapondedwe a ng'ombe amene anauma ngati miyala. M'mamawa wa tsikulo anatunga madzi pa mjigo, ndowa ndi ndowa, nawaza mokhotera monse kuti pfumbi lisaphimbe maso a okwera. Makanika wa pa msika anatseka khumbi lache tsiku lonse, nataya malonda ache, nakhala pansi ndi sipana alikuyesa mabuleki, tcheni ndi matayala a njinga iri yonse. Mai wina amene anapuma nchito ya unamwino anadza ndi mabandeji ache ogula yekha. Ndipo pa gulaye ali yense panaima munthu ndi mbendera ya nsaru yofiira yomangirira ku nsungwi, kuti akaona choopsya aikweze, okwera achepetse liwiro. Mwa onsewa panalibe ndi mmodzi yemwe amene analandira tambala.

Gulaye wachinai ndiye anali woipa. Ali patsinde pa mlambe waukuru, pamene kanjira ka ku mjigo kadutsa dambo, ndipo wokwera saona chiri kuseri kwa mtengo kufikira atakhota. Pamenepo anadzipereka kuima mkuru wina wa imvi, wotsimphina mwendo wamanzere. Iyeyu anapalasa njinga ya kabaza zaka zambiri kufikira maondo anakana, ndipo makasitomala ache otsala anamlanda ndi anyamata omwewa a njinga zamoto. Wina akadasunga mangawa. Iye anabwera ndi wenzulo yache yakale, naima pa dzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo, alikubweza ana, mbuzi ndi amai a ndowa pamutu. Anatero mu 2021, nateronso mu 2022.

Madzulo ache tinali kusonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndipo ife, monga osunga buku, tinali kuimirira ndi kuwerenga maina a opambana. Woyamba analandira mbuzi, wachiwiri tayala, wachitatu chipewa. Nthungululu zinamveka, thobwa linazungulira. Pamene ife tinali kuwerenga, anthu a mbendera anali akali m'dambo kuzula zikhomo ndi kukulunga zingwe. Pofika iwo, ndowa ya thobwa inali yowuma. Zaka ziwiri tinachita chotero, ndipo mtima wathu sunatitsutse ndi pang'ono pomwe.

Mu 2023 mkuru uja sanabwere. Chotichititsa manyazi koposa ndi ichi, kuti sitinazindikira kuti palibe. Tinawerenga njinga, zinakwana, tinawerenga zipewa, zinakwana, anthu sitinawawerenge. Pa kuzungulira kwachitatu kamwana ka zaka zinai, kalikuthamangitsa mwana wa mbuzi, kanatulukira kuseri kwa mlambe. Mnyamata amene anali patsogolo, poona kuti buleki simthandiza, anadzigwetsa dala pamodzi ndi njinga yache. Mwanayo sanakhudzidwe, angolira ndi mantha. Koma mnyamatayo anathyoka fupa la paphewa, nakhala miyezi iwiri wosagwira nchito, ali ndi mkazi ndi khanda. Amfumu anakalipa nati, Dambo langa sindinakupatseni kuti muphere ana, zatha basi.

Patapita sabata tinanka kwao kwa mkuru uja, ndipo tiulule, tinanka ndi mau a chidzudzulo m'kamwa. Tinampeza alikuluka mkeka pakhonde. Anatiyalira mphasa, tinalonjerana, ndipo tinati, Bambo, munatisiya bwanji osatsazika? Taonani ngozi yagwa pa malo anu.

Iye anakhala chete nthawi, alikusoka mlaza wache. Pomwepo anati, Aphunzitsi, buku lanu lija mwabwera nalo? Tinali nalo m'thumba. Anati, Tandiwerengerani za chaka chatha. Tinatsegula, tinawerenga: mtengo wa mbuzi, mtengo wa tayala, chimera cha thobwa, petulo, maina a okwera makumi awiri ndi anai. Iye anati, Pitirizani. Tinati, Zathera pomwepa. Ndipo anaseka pang'ono nati, Mbuzi inalowa m'buku, aphunzitsi. Ine ndinayesa kuti pa gulaye paja munali kuona ngati paima chitsa. Tsono ndinati, chitsa chikachoka adzalima bwino. Ndalama sindinafune, ndikadafuna ndikadanena. Koma munthu kudya pfumbi tsiku lonse, wopanda wakuti, Imwani madzi awa, kapena wakuti, Mwaswera bwanji kumeneko? Za mwana uja ndamva, ndipo usiku sindigona. Ndikadadziwa kuti simudzaikapo wina, ndikadabwera ngakhale ndi mkwiyo wanga.

Tinabwerera kwathu opanda mau. Iye analakwa posatiuza, inde, ndipo anabvomera yekha. Koma kodi munthu amene simunamuone pamene analipo, adzayembekeza bwanji kuti mudzamva akatsazika?

Chaka cha 2024 mpikisano sunachitike. Ngakhale amfumu akadalola, inali nthawi ya chirala ndi njala, ndipo petulo anasowa m'dziko miyezi yotsiriza ya chakacho. Tinapeza mpata wofunsa ndi kuwerenga m'mene achitira anthu a maiko ena, kumene masewerawa anayamba kale. Pa chisumbu cha Isle of Man, pakati pa England ndi Ireland, njinga zamoto zipikisana kuyambira 1907, ndipo njira yao ya tsopano iri ya makilomita 60, yopita m'midzi ndi m'mapiri. Kumeneko afuna anthu a mbendera oposa 500, odzipereka okha, ndipo lamulo lao ndi ili: malo a mbendera akapanda kukwanira anthu, mpikisano suyamba, ngakhale wokwera akhale wotchuka chotani. Ku Kenya mpikisano wa magalimoto wa Safari unayamba mu 1953, ndipo unali wobvuta kotero kuti mu 1963 magalimoto 7 okha ndiwo anafika kumapeto. Dziko lonse likumbukira Joginder Singh, amene anapambana mu 1965, 1974 ndi 1976. Ndipo anansi athu a ku Zambia anyadira Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa Afrika kasanu ndi katatu. Koma tinadzifunsa, nanga amene anakhala pa zipata za m'tchire ndi wochi ndi nyali, alikulemba nthawi ya galimoto iri yonse, anali ayani? Maina ao sitinawapeze. Tinaona kuti nthenda ya buku lathu siiri ya kwathu kokha.

Tinanena zonsezi pa msonkhano wa bungwe, ndipo panabuka makani. Ena anati, Tiwalipire basi, nkhani ithe. Msungichuma anayankha kuti chigwere kwacha mu Novembala 2023, pamene inatsika ndi 44 pa 100, mtengo wa matayala ndi tcheni wakwera kotero kuti thumba silikwanira ngakhale odwala. Wina wachipongwe anati, Kodi ife tinawatuma? Anabwera okha. Pamenepo mnyamata wothyoka phewa uja anaimirira, nabvula malaya, naonetsa pamene fupa linalumikizana mokhota, nati, Achimwene, uyu ndiye malipiro a gulaye wopanda munthu. Sanayankhenso wina.

Maganizo athu ife anali akuti kulipira sikuchiza bala limeneli. Mukampatsa munthu wotere ndalama ya sopo, mwamsandutsa waganyu, ndipo tsiku limene ndalama idzasowa adzakhala ndi chifukwa chokhalira kunyumba. Chimene anapempha mkuru uja nchotsika mtengo kuposa sopo, koma chibvuta kupereka, pakuti chifuna kuti wopambana ayambe wadikira. Kudikira ndiko anyamata sakukonda, ndi ife omwe a zaka makumi anai sitikukonda.

Anapangana zinthu izi, ndipo tinazilemba. Injini isalire kufikira wosunga buku atayenda yekha ndi miyendo dambo lonse, naona munthu pa gulaye ali yense, nampatsa botolo la madzi. Maina a olima, otunga, a mbendera, makanika ndi namwino awerengedwe m'mawa pamaso pa khamu, mpikisano usanayambe. Madzulo okwera ndiwo azule zikhomo, anthu a nchito atakhala pa mphasa alikumwa thobwa loyamba. Ndipo chimene anachionjeza anyamata okha, ife osachiganiza: ali yense wa anthu amenewa akadwala, iye kapena wa m'nyumba mwache, usana kapena usiku, njinga ya bungwe imtengere ku chipatala kwaulere chaka chonse. Pangano lotsirizali lagwira kale nchito kanai.

Tinapita nazo kwa amfumu, ndi nkhuku m'manja. Anatibweza kawiri. Kachitatu anati, Ndilola, koma kanjira ka ku mjigo mukatseke ndi minga tsiku limenelo, ndipo pa mlambe paime anthu awiri.

Chotero mu Ogasiti 2025 tinasonkhananso. Tinayenda dambo lonse ndi mabotolo m'thumba la ufa, ndipo tinazindikira kuti nlalikuru kuposa m'mene lionekera uli pa mthunzi wa mango. Pa mlambe tinapeza mdzukulu wa mkuru uja, mnyamata wa sukulu ya sekondale, ali ndi wenzulo ya agogo ache m'khosi. Mnzache wachiwiri anali wothyoka phewa uja, amene anakana kukwera chaka chimenecho. Tinafunsa za agogo. Anati mwendo wabvuta, sangathe kuima. Tinabwerera, tinatsegula buku, tinawerenga maina khumi ndi asanu ndi anai, ndipo loyamba linali la mkuru uja, ndi zaka zache ziwiri zimene tinazidumpha. Anthu anaomba m'manja, koma mwini dzina panalibe.

Madzulo mnyamata amene anapata mbuzi anatenga chipanda cha thobwa loyamba, nachimanga bwino pambuyo pa njinga, natikweza ife pamodzi ndi buku. Tinampeza mkuru uja pakhonde pomwe paja. Analandira chipanda ndi manja awiri, namwa, napukuta pakamwa, ndipo anafuna kuona ndi maso ache pamene palembedwa dzina lache. Kuwerenga sadziwa, koma anaika chala pamenepo nthawi yaitali. Atatero anatembenukira kwa mnyamatayo namfunsa ngati pa mlambe anathirapo madzi okwanira, pakuti dothi la pamenepo liuma msanga dzuwa likafika pamutu.