Galimoto ya Magetsi ndi Ife Okwera Minibasi

Ine ndilibe galimoto, ndipo malipiro a ndakatulo sangagule ngakhale tayala limodzi. Komabe nkhani ya galimoto zoyendera magetsi imandikhudza, chifukwa mafuta akasowa woyamba kulira ndine wokwera minibasi. Mtengo wa ulendo umakwera tsiku lomwelo, ndipo ukakwera sutsikanso.

Taonani za ku Norway. Pa galimoto 100 zilizonse zatsopano zomwe zinagulidwa kumeneko mu 2024, pafupifupi 89 zinali zamagetsi. Anthuwo anachita kunyengereredwa. Mu 2001 boma linachotsa msonkho wa VAT pa galimotozi, msonkho womwe kwawoko ndi 25 peresenti, ndipo kwa zaka zambiri zinkadutsa ulere pa zipata zolipiritsa za m'misewu. Choseketsa n'chakuti dziko lotaya msonkho chotereli linalemera ndi mafuta omwe limagulitsa kunja!

Koma fodya wopempha sakhalitsa m'mphuno. Boma la Germany litasiya mwadzidzidzi kuthandiza ogula mu Disembala 2023, malonda a galimotozi anatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi m'chaka chotsatira. Ku America nako, mwayi wochotseredwa msonkho mpaka madola 7,500 unatha pa 30 Seputembala 2025.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi, abale anga: boma likakhululukira msonkho munthu wogula galimoto, dzenjelo amakwirira ndani? Si mayi wogula sopo ndi shuga ku golosale kodi? Ndiye kuti woyenda pansi akusonkhera bwana woyenda pa matayala anayi. Ku Norway komweko anaziona zimenezi, moti mu 2023 wogula galimoto yodula anayamba kulipira VAT pa ndalama zopitirira 500,000 kroner.

Ena mudzati za magetsi n'zolota kuno kwathu, pomwe mphepo ya mkuntho ya Ana inaononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kutisiya mu mdima miyezi yambirimbiri. Zoona, amwene, ndakatulo zambiri ndinalemba pa kandulo nthawi imeneyo. Koma madzi a Shire sitigula ndi madola, dzuwa la ku Salima nalonso silibwera pa thanki kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam. Dziko la Ethiopia, lomwe nalo lilibe doko ngati ife, linaletsa mu 2024 kuitanitsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo, ndalama zakunja zitavuta. Iwowo akudalira damu lawo lalikulu la pa Blue Nile.

Ndikanafunsidwa ine, ndikanati thandizo la boma liyambire pa njinga yamoto ya kabaza ndi pa minibasi ya ku Ndirande kapena ku Kawale, zomwe zimanyamula anthu mazanamazana dzuwa lisanalowe. Mnyamata wa kabaza yemwe amagona pa mzere wa mafuta m'malo mosaka makasitomala ndiye angapindule ndi batire lotchajidwa usiku kapena losinthitsa pa siteji. Wa galimoto yapamwamba adikire kaye, thumba lake likhoza kupirira.

Tsiku lomwe kondakitala adzasowe chonamizira pokweza mtengo, ine ndidzalemba ndakatulo yotamanda magetsi, ndipo sindidzalipiritsa mkonzi ngakhale tambala.