Atambala Awiri M'khola Limodzi

Wophika ndiwo amatha kulawa yekha mchere, koma wokonza nyimbo amene waimvera maulendo makumi asanu pa tsiku limodzi makutu ake amachita dzanzi, mwakuti chilichonse chimayamba kumukomera. Munthu wotere amafuna mnzake womuuza zoona, ndipo anthu onena zoona pa zaluso ndi osowa kwambiri pakati pathu. Ife a zolembalemba tikuidziwa bwino nkhaniyi: umapatsa mnzako ndakatulo, iye n'kuibweza patatha mwezi ndi mawu awiri okha, akuti "yakoma zedi", pamene sanapitirire ndime yoyamba.

Ine ndine wa pa Chonde, kufupi ndi Luchenza, ndipo ndimagwira ntchito m'boma. Mwa chikhalidwe chathu cha Chilhomwe, ana a mlongo wanga ali pamapewa panga. Woyamba wa iwo atalemba mayeso a MSCE anakhala zaka ziwiri osapeza ntchito. Mayi ake ankafuna kuti atsatire anzake ku Johannesburg, koma iye anandipempha laputopu yakale kuti azikonzerapo nyimbo. Ndinaigula pa ngongole yodula kumalipiro. Choncho pamene anayamba kundimveretsa zimene amapanga, sindinkamvera ngati munthu wongosangalala ayi; ndinkamvera ngati munthu amene ndalama yake ili m'madzi.

Nyimbo zake si zimene timazimva m'maminibasi. Akuti ndi techno, chamba chimene chinayambira mu mzinda wa Detroit ku America m'zaka za m'ma 1980, ndi anyamata akuda monga Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson. Nthambi imene iye anaikonda ndi ya minimal, imene Robert Hood anaitchukitsa ndi chimbale chake cha Minimal Nation mu 1994. Mmenemo mulibe woyimba, mulibe gitala. Muli ng'oma yolemera yotchedwa kiki, yogunda kanayi pa muyeso uliwonse, maulendo oposa 120 pa mphindi, ndiye pansi pake pamayenda besi, kenaka tizinthu tochepa tosekesera pamwamba. Basi. Pokhala kuti zipangizo n'zochepa chonchi, palibe pobisala: kiki ndi besi zikapanda kugwirizana, nyimbo yonse yagwa.

Ndipo sizinkagwirizana. M'mahedifoni ake zinkamveka bwino, koma tsiku limene tinabwereka sipika yaikulu ya pa maukwati, chimene chinatuluka chinali chimkokomo chosadziwika mutu wake, ngati lole yodutsa pa mlatho. Anzake a pa WhatsApp anali atamutumizira kale zithunzi za moto, kusonyeza kuti nyimbo yapsa. Ine sindikuwaimba mlandu kwenikweni. Ankamvera pa foni, ndipo kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu a pansi amenewa. Ankayamikira nyimbo imene theka lake sanalimve. Mmodzi yekha, wa ku Blantyre, ndiye analemba kuti pansi pali matope, koma osafotokoza kuti matopewo achotsedwe bwanji.

Chonde ndi likulu la Mulhako wa Alhomwe, ndipo mwezi wa Okutobala ukamayandikira, ng'oma zimamveka madzulo m'midzi yozungulira, anthu akukonzekera mwambo wa chaka ndi chaka. Gule amene timanyadira kwambiri ndi tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014. Pafupi ndi kwathu pali mkulu wina amene wakhala akuomba ng'oma za tchopa kuyambira ine ndisanabadwe. Phokoso la sipika lija litamufika, anabwera ndi ndodo yake n'kukhala pa khonde. Anamvera mphindi ngati ziwiri, nkhope ili gwa.

"Mdzukulu wanga, ng'oma zako zikuluzikuluzi ndi zingati?"

"Ziwiri, agogo. Ina ndi kiki, inayo ndi besi."

"Nanga n'chifukwa chiyani zikulankhula nthawi imodzi, ndi liwu limodzi? Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ina ikagunda, inzake izipuma."

Anafotokoza mmene iwo amachitira. Ng'oma za tchopa zimasiyana kukula, ndipo iliyonse ili ndi malo ake. Ikamamveka pansi kwambiri amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, liwu likwere. Akafuna kuti ilemere amaimata phula pakati. Woomba wabwino, anatero mkuluyo, amadziwika ndi mipata imene amasiyira anzake.

Mnyamatayo anangoti kakasi, chifukwa zimenezi n'zomwe akatswiri a pa YouTube ankamuuza m'Chingerezi chothamanga chimene chinkangomudutsa. Usiku umenewo anandionetsa pa kompyuta. Kiki ndi besi zonse zinaunjikana pamalo amodzi, pakati pa 50 ndi 100 hertz, ndipo mafunde awiri oyandikana chonchi amaphimbana, mwinanso kufafanizana kumene, mwakuti ukamawonjezera mphamvu m'pamene nyimbo imaipiraipira. Anayamba wasankha kuti mwini wa pansi penipeni akhale kiki. Besi anaidula kumunsi n'kuikwezako pang'ono, komwe kuli kuwamba ng'oma kuja. Anafupikitsa mchira wa kiki kuti isamalire nthawi yaitali, nasuntha manotsi ambiri a besi kuti agwere pakati pa kugunda kwina ndi kwina. Pomaliza anagwiritsa ntchito chimene amati sidechain, njira yoti kiki ikangogunda besi imadzichepetsa yokha kwa kanthawi, n'kubwereranso. Ndinaona mzere wa besi ukuwerama ndi kudzuka pa galasi ngati mtengwa wodutsa pamaso pa apongozi.

Zinamutengera masabata atatu, poti magetsi nawo amabwera pamene afunira. Tinabwerekanso sipika ija, mwini wake atavuta pang'ono za mtengo. Ulendo uno kugunda kulikonse kunkafika pachifuwa pakokha, ndipo besi inkamveka ikuyenda mozungulira ngati ovina pabwalo. Mkulu uja sanayamikire. Phazi lake lakumanja ndilo linayamba kugunda pansi, ndipo nyimbo itatha anati ibwerezedwe. Itatha kachiwiri anafunsa kuti oyimba alowa nthawi yanji, poti ng'oma yopanda nyimbo ndi nsima yopanda ndiwo. Mnyamatayo anayesa kufotokoza za Detroit, koma agogowo sanakhutire, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero.

Mlongo wanga anali ataima pakhomo la khitchini nthawi yonseyi, chipande chili m'manja. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndiye zimenezi ziyamba liti kugula sopo?" Ngongole ya laputopu yatsala miyezi isanu, ndipo pasipoti ya mnyamatayo ikadali m'sutikesi mwanga.