Ulendo wa ku Mtenguleni: Pa Ndege Kapena Pa Basi?

Mwezi wa February ukamapita kumapeto, maungu ndi chimanga chachiwisi zitacha, mitima ya Angoni okhala ku Lusaka imakhala ili ku Mtenguleni. Kumeneko ndi kumene Inkosi ya Makosi Mpezeni amalawa zakudya zoyamba za m'munda pa mwambo wa Nc'wala, umene unayambiranso mu 1980. Ndipo chaka ndi chaka timamva funso lomwelo: kodi pa ndege sitingafike msanga?

Tikayeza molunjika, monga iulukira mbalame, kuchokera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka kufika pa bwalo la Chipata pali makilomita pafupifupi 490. Ndege yaing'ono imautha mtunda umenewu pa ola limodzi ndi theka. Msewu wa Great East ndi wotalikirapo, makilomita oposa 550, popeza umakhotakhota m'mapiri, ndipo basi imadya maola 8 kapena 9. Munthu akamva zimenezi angati nkhani yatha.

Komatu awerengi athu, ndege sitera pa Mtenguleni. Mudziwu uli m'mbali mwa msewu wa Great East, pakati pa Katete ndi Chipata. Wobwera pa ndege amaupitirira ali m'mitambo. Akatsika ayenera kupeza galimoto yolowa m'tauni, kenaka ina yobwerera m'mbuyo cha ku Katete. Bwalo la Chipata nalonso ndi laling'ono, ndipo pa zaka zapitazi ndege zonyamula anthu zakhala zikuyamba n'kulekanso. Ambiri amatera ku Mfuwe, kumene ndege zimapita chifukwa cha alendo okaona nyama ku South Luangwa. Ulendowo ndi wa ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma kuchokera ku Mfuwe kufika ku Chipata patsala makilomita oposa 100 a pamsewu. Tisaiwalenso kuti pa bwalo timafika nthawi isanakwane n'kumadikira. Za mtengo wa tikiti tisanene n'komwe. Bambo wa ana asanu amene walandira uthenga wa maliro usiku sayamba waganiza za ndege.

Chodabwitsa n'chakuti bwalo lalikulu loyandikira Mtenguleni lili m'dziko lina. Wochokera ku Johannesburg kapena ku Nairobi akatera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, n'kudzera ku Mchinji ndi pa malire a Mwami, amafika msanga kuposa mnzake wotera ku Lusaka.

Ife timakondabe basi, ngakhale miyendo imachita dzanzi. Timanyamuka kusanache, tidutse Chongwe ndi Rufunsa, titsetsereke mpaka pa Luangwa, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Pa mlatho umene unamangidwa mu 1968 timasuzumira pansi: madzi amenewa akukathira mu Zambezi cha ku Zumbo, kufupi ndi kumene Zwangendaba anaoloka ndi anthu ake mu 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana. Kutsidya ndi kwathu kale. Pa Nyimba timagula nthochi, pa Petauke timamva Chinsenga, ndipo tikapitirira Sinda ndi Katete timayamba kuona amuna atanyamula zishango ndi zibonga m'mbali mwa msewu.

Pamenepo timakumbutsa kondakitala kuti atitsitse pa Mtenguleni. Basiyo imapitiriza ulendo wake wa ku Chipata, ife tikumva kale mgugu wa mapazi a ovina ngoma.