Agogo anadzuka: nkhani ya Land Rover yanga

 Ambiri tikakumana mumandifunsa funso limodzimodzi: "Sala, kodi chiphapha chija chinadzuka?" Ena mumafunsa mukuseka, ndipo sindikuimbani mlandu. Lero ndati ndiyankhe kamodzi n'kamodzi. Inde, Agogo anadzuka, ndipo akuyenda. Koma nkhani yake ndi yayitali, khalani pansi.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 Land Rover timaidziwa bwino. Kumudzi kwathu ikamveka kulira, zinkatanthauza zinthu zitatu: apolisi, a katemera kapena abambo mfumu. Ife ana tinkathawira m'chimanga osadikira kuti tidziwe kuti ndi ati. Sindinalotepo kuti tsiku lina ndidzagona pansi pa imodzi mwa izo, dothi likundigwera m'maso.

Chinandichititsa ndi mvula ya 2018. Mtsikana wina wa Fomu 3 anadwala malungo aakulu usiku, mpaka kuyamba kukomoka. Inu amene mukudziwa misewu ya kuno ku Neno nthawi ya dzinja simukufunika kuti ndikufotokozereni. Galimoto zing'onozing'ono zinali zitasiya kalekale kufika kwathu. Tinamanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete, anyamata a Fomu 4 n'kumalandizana mpaka kuchipatala. Tinanyamuka cha m'ma 10 koloko usiku, tinakafika tambala atalira. Mwanayo anachira, Mulungu ndi wabwino. Koma pobwerera, miyendo ili gwa, ndinadziuza kuti pasukulu pano payenera kukhala chinthu chamatayala anayi chosaopa matope.

Chaka chotsatira ndinamva za Land Rover ina imene inali pansi pa mtengo wa mango kwa mkulu wina wopuma pantchito cha ku Mwanza. Inali Series III ya 1978, yaitali ija ya mainchesi 109, ya injini ya petulo ya malita 2.25. Inakhala pamenepo zaka zoposa khumi. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala, ndipo m'bonati munali chisa cha makoswe. Mkuluyo anatchula mtengo wofanana ndi malipiro anga a miyezi inayi.

Apa mpamene panali nkhondo. Ndalama imene ndinali nayo inali ya chipeleganyu chathu cha aphunzitsi, ndipo kunyumba tinali titagwirizana kale kuti ndi ya malata a nyumba yakumudzi. Mayi a kunyumba atamva anangoti, "Bambo, ndiye mukadzapuma ntchito tizidzagona m'galimotomo?" Sindinayankhe, chifukwa funsolo linali loona. Ndinagulabe. Thirakitala inakokera chiphaphacho mpaka kuseri kwa nyumba yathu ya sukulu, ana akuthamanga pambuyo. Tsiku lomwelo anachipatsa dzina loti Agogo.

Kwa amene simudziwa, galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa mu 1948 ku Solihull, ku England. Nkhondo yachiwiri itangotha chitsulo chinali chosowa, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Series III inatuluka mu 1971 ndipo anaipanga mpaka 1985. Aluminiyamu sachita dzimbiri, ndiye munthu ukaona kunja umati galimoto ili bwinobwino. Bodza. Chasisi chake, chimene chimanyamula zonse, ndi chachitsulo, ndipo n'chobowoka mkati ngati bokosi. Matope akalowa samatulukamo, amangokhala ndi chinyezi n'kumadya chitsulo kuchokera mkati. Nditatenga hamala n'kumenya mtanda wakumbuyo, hamalayo inangolowa ngati ndamenya chigumu. Pansi popondera mapazi panalinso zibowo zoti nkhuku n'kudutsa. Ndipo paliponse pamene aluminiyamu anakhudzana ndi chitsulo panali ufa woyera. Zimenezi ndimaphunzitsa chaka ndi chaka mu Chemistry: zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi, china chimadyeka. Ndinali ndisanazionepo zikudya ndalama zanga.

Kuwotcherera sindidziwa. Anthu anandilozera mnyamata wina wa pa tiledi'ng senta amene amawotcherera mafelemu a zitseko ndi ngolo. Nditafika anavula magalasi ake akuda aja, n'kuima chilili. "Sala, mwandikumbuka?" Ndinamukumbuka, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anali mwana wanga wa m'kalasi zaka khumi m'mbuyomo, wokhala kumbuyo, wosamaliza manotsi. Tsiku lina atalephera mayeso a Physical Science ndinamuimitsa pamaso pa anzake n'kunena kuti mutu wake ndi dzungu, sadzapita patali. Kalasi yonse inaseka. MSCE sanakhoze. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinaupeza utavala ovolosi.

Iye sanatchule n'komwe za tsikulo. Anabwera Loweruka, anakwawira pansi pa galimoto, anagogodagogoda, n'kutuluka akukutumula fumbi. "Sala, zimenezi n'zotheka. Koma tichotse thupi lonse. Kuwotcherera chigamba pamwamba pa dzimbiri n'kudzinamiza."

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ine ndinapeza nthawi imene sindinakhalepo nayo chiyambire ntchito. Tinamasula thupi chidutswachidutswa. Mabawuti ambiri anakana, tinachita kuwadula. Ndinaphunzira kuika mabawuti a mbali iliyonse m'kachitini kakekake n'kulembapo, nditataya kale sabata yathunthu kufunafuna anayi okha. Chasisi chitatsala pambalambanda, mnyamata uja anadula zovunda zonse n'kuikamo chitsulo chatsopano cha mamilimita 3. Asanadule ankayamba wayeza kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasana nayo, kenako mbali inayo, kuti aone ngati miyezo iwiriyo ikufanana. Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa. Anati, "Palibe, sala. Chitseko chikapanda kufanana chonchi sichitsekeka." Ndi masamu omwe aja ankamuvuta pa bolodi. Magetsi akazima tinkakhala pamthunzi n'kumapala dzimbiri ndi burashi yawaya. Pomaliza tinapaka penti wofiira woteteza dzimbiri, wakuda pamwamba pake, n'kuthira oyilo mkati mwa chasisi.

Injini inali itagwira, yosatembenuka. Tinachotsa mapulagi, tinathira dizilo m'mabowo onse anayi, n'kuisiya masabata awiri. M'mawa uliwonse ndinkayesa ndi chogwirira chija cholizira injini pamanja, chimene chimalowa kutsogolo. Tsiku lakhumi ndi chisanu inasuntha pang'ono, ndipo ndinakuwa mpaka aneba anatuluka. Titatsegula tinapeza kuti mkati simunawonongeke kwambiri. Injini zimenezi mphamvu zake n'zochepa, akavalo pafupifupi 70 basi, koma n'zolimba ngati mtondo. Maring'i, magasiketi ndi mabering'i ndinakazipeza ku Blantyre. Amene munafikako ku Ndirande mukudziwa kuti kumeneko ukafunsa munthu mmodzi, anthu asanu amabalalika n'kubwera ndi chinthucho m'manja.

Tsopano tamverani manyazi anga. Zonse zitabwerera m'malo, ndinafuna kuti kuliza koyamba kukhale kwa ine ndekha. Ndaphunzitsa kayendedwe ka injini kwa zaka zoposa makumi awiri: kukoka, kupanikiza, kuyaka, kutulutsa utsi. Ndinkadziwanso pamtima kuti moto umayenda 1-3-4-2. Ndinalumikiza mawaya a mapulagi, n'kutembenuza kiyi. Agogo anatsokomola, ananjenjemera, kenako phuu! ngati mfuti. Agalu anathawa. Masiku atatu ndinalimbana nazo. Kabuleta ndinaimasula kawiri. Tsiku lachinayi ndinameza malovu n'kumuitana. Anachotsa kapu ya disitibyuta, anandiuza kuti nditembenuze injini pang'onopang'ono, n'kundilozera kachitsulo kozungulira mkatimo. "Taonani, sala. Kakuzungulira mobwerera, osati ngati wotchi. Inu mwaika mawaya motsata wotchi." Ndiye kuti moto unkayenda 1-2-4-3. Anasinthanitsa mawaya awiri okha. Injini inalira bwinobwino ngati inazimitsidwa dzulo.

Ndinakhala pa tayala, dipuloma yanga yonse ili m'thumba, n'kumuuza kuti, "Achimwene, mawu amene ndinakunenerani m'kalasi aja ndinalakwa. Mundikhululukire." Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anati, "Anandipweteka, sala, sindiname. Ndinasiya kufunsa mafunso kuyambira tsiku limenelo." Sananene zambiri, ndipo ine ndinalibe choonjezera. Tinangomvetsera injini ikulira.

Mabuleki ndiwo anabweza mtendere kunyumba. Land Rover yaitaliyi ili ndi masilinda awiri pa tayala lililonse lakutsogolo, ndipo kotulutsira mpweya kuli pa silinda yam'munsi pamene mpweya umakonda kukwera m'mwamba. Kuuchotsa ndi ntchito ya anthu awiri, wina kupopa pedulo, wina kutsegula ndi kutseka pansi. Ana anali atatopa nane. Madzulo ena mayi a kunyumba, amene kwa chaka chathunthu sanakhudzeko galimotoyo, anapukuta m'manja n'kukwera. "Ndiponde chiti?" Tinapopa mpaka mdima, pedulo ikungomira. Mawa lake tinamanga mapisitoni kuti akhale mkati kwathunthu, mpweya usowe pobisala, ndipo pedulo inalimba. Iwo anatsika n'kunena kuti, "Malata aja sindinaiwale." Koma ankamwetulira.

Zosintha sindinachite zambiri. Anzanga ankandiuza kuti ndiikemo injini ya dizilo ya galimoto za ku Japan. Ndinakana, chifukwa giyabokosi imeneyi anaipangira injini yofatsa, ukaipatsa mphamvu zoposa imathyoka mano. Ndinachotsa mapointi a mu disitibyuta n'kuikamo kachipangizo kamagetsi kosafuna kusinthasintha. Pa matayala akutsogolo ndinaika mahabu omasula, kuti pamsewu wouma zitsulo zakutsogolo zisamazungulire pachabe. Masipuling'i atsopano anandikanika mtengo, choncho akale omwewo tinawamasula tsamba ndi tsamba, kupala, kupaka girisi, n'kumanganso. Matayala ndi a 7.50 x 16, amapanga akuluakulu. Kumbuyo tinaika benchi mbali imodzi, mbali inayo thabwa lalitali lokwana matilesi, ndi kambedza kudenga kopachikapo diripi. Chimenechi ndiye chinali cholinga kuyambira pachiyambi.

Kwa amene mudzabwereke: pali ndodo yamutu wachikasu ndi ina yamutu wofiira. Yachikasu mukaidinikiza pansi, matayala onse anayi amakoka. Yofiira mukaikokera kumbuyo, mwalowa magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono. Kuti yachikasu idzuke, imani, kokerani yofiira kumbuyo n'kuibwezanso kutsogolo. Musaiwale kutseka mahabu musanalowe m'matope. Ndipo pa tala musayende ndi matayala onse anayi akukoka, chifukwa pakati palibe chosiyanitsa liwiro la kutsogolo ndi kumbuyo, zitsulo zimapotana mpaka china chithyoke.

COF tinaipeza kumapeto kwa 2021, ulendo wachiwiri. Woyamba ndinabwezedwa chifukwa nyali yakumbuyo inkayaka ikafuna, ndipo vuto linali waya amene ndinamanga ndekha.

Mayeso enieni anabwera mu Januwale 2022, masiku a mvula ya namondwe Ana. Pakati pausiku mlonda wa pasukulu anagogoda pawindo. Akazi awo matenda anali atayamba, ndipo azimayi anati mwana sanagone bwino. Tinawagoneka pa matilesi paja, azimayi awiri pambali, mayi a kunyumba atanyamula tochi. Ndinakoka yofiira. Pachitunda china tinaterereka n'kutsamira m'ngalande, ndipo mtima wanga unaima. Anthu a m'mudzi wapafupi anatuluka ndi makasu, anaika miyala ndi nthambi, n'kukankha. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale uli ndi magiya asanu ndi atatu. Ulendo umene tinayenda usiku wonse mu 2018 tinauyenda ola limodzi ndi theka. Mwana anabadwa m'bandakucha, wamkazi. Pano amathamanga pabwalo la sukulu, ndipo akaona Agogo amati ndi galimoto yake.

Musaganize kuti zonse ndi zokoma. Agogo amamwa lita imodzi pa makilomita asanu ndi limodzi, ndipo kwacha itagwa mu Novembala 2023 anakhala miyezi iwiri osasuntha. Amadontha oyilo paliponse pamene aima. Mvula ikagwa, bondo langa lakumanja limanyowa. Maliro aliwonse a m'dera lino amafika pakhomo panga, ndipo kukana n'kovuta. Tinagwirizana ndi aphunzitsi anzanga ndi mafumu kuti pazikhala kathumba ka petulo wa odwala, ndipo thanki isamatsike pa theka nthawi ya dzinja. Malata ndinagula theka mu 2024. Theka linalo ndikadali ndi ngongole, ndipo mwini ngongoleyo ndimadya naye mbale imodzi.

Aphunzitsi anzanga, sindikuuzani kuti mukagule ziphapha. Ndingokupemphani kuti muyang'anenso mzere wakumbuyo m'kalasi mwanu. Ine tsopano ndikamaphunzitsa za injini ndimatulutsa kalasi yonse panja, timatsegula bonati, ndipo kamodzi pa teremu amabwera kudzaphunzitsa ndi mnyamata uja. Ana amamutcha sala, ndipo ine ndimakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Inu amene ndinakulankhulani mawu opweteka muli m'manja mwanga, ndikudziwa kuti sanali yekha. Mukadzadutsa kuno dzandipezeni, tidzakambirane.

Pomaliza, ngati wina akudziwa kumene kwagona Series III ina yosayenda, andiuze. Ndikufuna mota ya mawaipa ndi chitseko chakumbuyo. Pakali pano mvula ikagwa, wokhala pampando wakutsogolo ndiye amapukuta galasi.