"Kafukufuku wapeza", koma anafufuza bwanji?

Anzanga, pasukulu pano pali mawu amene amathetsa mkangano uliwonse. Munthu akangoti "kafukufuku wapeza", tonse timangoti zii ngati alankhula ndi ahedi. Ine masiku ano ndimafunsa kaye kuti anafufuza bwanji.

Chandiyambitsa ndi nkhani ya self-boarding, ija timangoti selofu. Ambiri akuti a selofu amakhoza bwino JCE kuposa ife oyendera. Makolo anga anamvanso zomwezo, moti akuganiza zogulitsa mbuzi kuti andipezere kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu. Mbuzizo tili nazo ziwiri zokha, ndiye ndikufuna kudziwa ngati umboniwo uli wolimba.

Njira zofufuzira zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi pomwe imathera. Yoyamba ndi yogawa mafunso kwa anthu ambiri. Imathandiza kudziwa zinthu monga kuchuluka kwa amene timayenda mtunda wopitirira ola limodzi. Vuto lake ndi loti anthufe timadzikometsera. Mutafunsa kalasi yathu kuti timawerenga maola angati usiku, aliyense anena atatu, ngakhale uja amagona nkhuku zikangolowa m'khola.

Ina ndi yofufuza mozama nkhani ya munthu mmodzi kapena sukulu imodzi. Mumamva zambiri ndithu, koma mtsikana mmodzi wa selofu amene anakhoza bwino saimira onse.

Yachitatu ndi yoyerekeza magulu amene alipo kale, monga a selofu ndi oyendera. Apa ndi pomwe pali msampha. Kodi amene amapita ku selofu ndi ndani? Kawirikawiri ndi ana a makolo otha kulipira lendi, ndipo makolo omwewo amathanso kugula tochi, mabuku ndi chakudya cha m'mawa. Ndiye chikukhozetsa ndi kachipindako kapena ndalamazo? Zili ngati kuthira feteleza chimanga cha kudimba, cha pamchenga osathira, kenako n'kumatama feteleza. Mwina selofu imathandizadi, poti munthu safika m'kalasi atatopa, koma kuyerekeza kotereku pakokha sikokwanira kugulitsira mbuzi.

Njira imene yandigwira mtima ndi yochita maere. Aphunzitsi athu anatifotokozera za kafukufuku amene anachitika m'boma la Zomba mu 2008 ndi 2009, wotsogoleredwa ndi Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Anatenga madera 176 n'kulemba atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Maere ndiwo anasankha madera olandira ndalama mwezi ndi mwezi komanso madera osalandira. Mwa olandirawo, ena ankapatsidwa pokhapokha ngati sakujomba, kutanthauza kupezeka kusukulu masiku 8 mwa 10 alionse. Ena ankangopatsidwa popanda lamulo lililonse.

Ubwino wa maere ndi woti sadziwa mwana wa mfumu kapena wa mlimi. Olemera, osauka, anzeru ndi aulesi amagwera mbali zonse, choncho magulu akadzasiyana pamapeto mumakhala ndi chifukwa chomveka cholozera chinthu chimene munasinthacho.

Zotsatira zake zinali zopatsa chidwi. Ndalama zokhala ndi lamulo zinathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu, ndipo ankamvetsa bwino Chingerezi powerenga. Koma pochepetsa mimba ndi maukwati a ana, zopanda lamulo ndi zimene zinapambana, makamaka pakati pa atsikana amene anasiyabe sukulu, poti iwo ankalandirabe kangachepe kodzithandizira. Eti mukadangofunsa anthu pamsika, ndani akadaganiza zimenezo?

Ofufuzawo sanalekere pomwepo. Anabwereranso kwa atsikana omwewo patapita zaka zoposa ziwiri ndalama zitasiya, n'kupeza kuti zabwino zambiri zinali zitazilala, makamaka m'gulu lopanda lamulo lija. Imeneyi ndi njira inanso: kutsatira anthu omwewo kwa nthawi yaitali. Chinthu chikhoza kuoneka bwino teremu ino, chaka chamawa n'kupezeka chatha.

Tsono wina akakuuzani kuti kafukufuku wapeza, m'funseni zitatu: anafufuza anthu angati, magulu anasankhidwa bwanji, nanga anawatsatira mpaka liti?

Ifenso tikhoza kuyesa pano pomwe, popanda ndalama. Timakangana tsiku ndi tsiku ngati kuwerenga pagulu kumathandiza masamu. Bwanji a Fomu 2 amene tikufuna tilembe mayina pa timapepala, tiponye m'chipewa, theka lizikumana mphindi 30 tikaweruka, theka lina liziwerenga monga mwa masiku onse? Pakatha milungu inayi tipemphe aphunzitsi a masamu atipatse mayeso amodzi tonse, kenako tisinthane kuti pasakhale wodandaula. Amene mwagwirizana nazo mundipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango.