Chikuku sichifunsa za mpingo

Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 kuno ku Malawi, mazana n'kumwalira, ambiri mwa iwo ana. Nthawi yomweyo mipingo ina inkakaniza anthu ake katemera. Azaumoyo akafika m'mudzi, makolo ankabisa ana, ati pemphero lokha n'lokwanira. Chonsecho katemerayu alipo kuyambira 1963, ndipo kuchipatala cha boma ngwaulere.

Wamkulu apemphere mmene akufunira, ndi ufulu wake. Koma khanda la miyezi 9 silinasankhe chiphunzitso. Thupi likatentha, maso n'kufiira, tiziphuphu n'kutuluka paliponse, wovutika ndi mwanayo, osati mtsogoleri amene analetsa. Kachilombo ka chikuku kamayenda mumpweya, ndipo chokatchinga ndi katemera. Abale anga, pitani nawo ana kusikelo.